Nthambo Imene Inaperewera M'siling'i

Anthu ambiri amene Anakudenga anawagwirirapo ntchito sankawadziwa nkhope, ankawadziwa nsapato. Ukalowa mu ofesi imene iwo ali pa ntchito, unkangoona makwerero ataimikidwa pakati pa chipinda, pamwamba pake jombo ziwiri zakutha zidendene, thupi lonse litamezedwa ndi siling'i. Kenaka nthambo yabuluu inkayamba kutsika pa bowo pang'onopang'ono, mawu n'kumveka kuchokera kumwambako: “Wina andigwirireko kunsongako.” Dzina loti Anakudenga linachokera pamenepo, ndipo linakanirira mpaka amuna awo omwe, Atelala, ankawatchula choncho akamacheza ndi makasitomala.

Ntchito yawo inali yokoka nthambo za makompyuta, zija zimachititsa kuti kompyuta ya m'chipinda ichi ilankhulane ndi ya m'chipinda icho, zonse pamodzi n'kufika pa intaneti. Eni ntchitoyo amati netiweki. Anaiyamba mwangozi. Ali mtsikana ankasesa m'sitolo ya kontilakitala wina, ndipo tsiku lina amuna atatu a mimba zawo analephera kulowa pa kabowo ka siling'i. Kapitawo anayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera pa mtsikana wowonda wa tsache m'manja. Anakwera tsiku limenelo, ndipo tingati sanatsikenso kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

M'kati mwa nthambo iliyonse muli timawaya tisanu ndi titatu, ndipo timayenera kulowa m'kamutu kake motsata mitundu, osaphonya ngakhale kamodzi. Anakudenga ankatisanja atagona chafufumimba pa phaso, tochi ali kukamwa, fumbi lili m'maso, makoswe akuwadutsa pafupi ngati abale awo. Akamaliza, kunkabwera anyamata a malaputopu, ovala malaya oyera, n'kukhala pa mipando, kutayipa kwa ola limodzi, magetsi obiriwira n'kuyamba kuthwanima. Eni ofesi ankagwira chanza anyamatawo. Mayi amene wakhala milungu itatu m'denga ankamufunsa ngati angasese fumbi lake asanapite. Zimapsetsa mtima ukaziganiza, koma iwo ankangosesa, uku diso lili pa sikirini ya mnyamatayo. Zimene ankatayipazo anaziphunzira choncho, ataima kumbuyo kwa mipando ya anthu, mpaka kunafika poti mnyamata akagwira njakata ankayang'ana kaye kuchitseko, n'kufunsa chapansipansi kuti, “Mayi, apa paja timatani?”

Atelala anali ndi makina awo osokera pakhonde la sitolo yogulitsa misomali ndi penti. Anali munthu wa nthabwala, wokonda akazi awo mosabisa, koma za ntchito yawoyo ankaziona ngati kumanga chingwe choyanikapo zovala, kungoti ichi n'cha m'denga. Munthu akafunsa kuti mayi ali kuti, ankayankha ulusi uli kukamwa: “Akukoka zingwe.” Sankanyoza. Kudziwa kwawo kunalekera pomwepo.

Ndiye bondo lakumanzere linayamba. Poyamba linkangolira akamatsika, kenaka linayamba kutupa, kenaka tsiku lina linangokana ali pakati pa makwerero, moti anatsika chokhala. Adokotala atayang'ana chithunzi cha bondolo sanazungulire. Anati makwerero athera pamenepa, mukapitiriza, chaka chamawa mudzabwera kuno atakunyamulani. Anakudenga anabwera kunyumba, n'kukhala pa mpando osavula jombo. Atelala anali asanawaonepo akazi awo atakhala osagwira kanthu dzuwa likanali kuswa mtengo, ndipo anachita mantha.

Patapita milungu iwiri, mng'ono wawo wa Atelala, amene ndi mphunzitsi, anabwera ndi nyuzipepala. Koleji ina yaikulu ya mumzindamo inkafuna munthu woyang'anira netiweki yake. Ntchito ya pampando, m'chipinda chozizira, yofuna mutu osati maondo. Anakudenga anali ndi kasatifiketi kamodzi ka kosi ya miyezi itatu, ndipo kanakwanira kuti awaitane ku intavyu. Onse atatu ankadziwa kuti kwa mayi wa msinkhu umenewo, wopanda digiri, khomo lotere silitseguka kawiri. Akalephera, ntchito ya manja awo yatha.

“Nyumba imeneyo ndikuidziwa,” anatero Anakudenga ataona dzina la kolejiyo. “Ndinakokamo nthambo kalekale.”

“Ndiye basi, alamu, mwapata,” anatero aphunzitsi. “Mukawauze zimenezo.”

Anakudenga anapinda nyuzipepalayo bwinobwino n'kuiika pansi pa wailesi.

Aphunzitsi anabweretsa mapepala a mafunso makumi asanu ndi limodzi amene amati amafunsidwa pa maintavyu otere, ndipo ntchito yofunsa inagwera Atelala. Kunatsala milungu isanu. Masana aliwonse, nthawi imene makasitomala amachepa, Anakudenga ankakhala pa benchi pafupi ndi makina, mwendo ataukweza pa chitini cha penti, amuna awo n'kuvala magalasi, kutsokomola ngati woweruza, n'kuyamba kuwerenga. Chingerezi cha Atelala ndi cha pa tepi yoyezera, cha mainchesi ndi makolala. Mawu a m'mapepalawo ankawathyola miyendo moti wogulitsa misomali ankatuluka dala kudzamvetsera.

Tsiku loyamba zinthu sizinayende. Funso likawerengedwa, Anakudenga ankatsegula pakamwa, n'kuyang'ana kumwamba, n'kutsekanso. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Munthu amene anyamata a madigiri ankamufunsa nzeru ankalephera kunena kuti switchi ndi chiyani, chikhalirecho waimangirira pakhoma kambirimbiri ndi manja ake.

“Ndikudziwa, bambo,” ankatero, thukuta lili pamphuno. “Koma zikafika pakhosipa zikubwerera.”

Atelala ndi amene anaona pamene panali vuto, ndipo izi tiwayamikire. Anaona kuti manja a akazi awo sankakhazikika, ankangofufuza pa siketi ngati ataya kanthu. Tsiku lachitatu anatenga kachidutswa ka nthambo m'chikwama cha zida, pamodzi ndi chopanira, n'kuwaika pamiyendo.

“Gwirani ichi, mayi. Musandiyang'ane ine, yang'anani ntchito yanu. Switchi ndi chiyani?”

Zala zinayamba kusenda nthambo, ndipo mawu anatuluka okha. Switchi ndi bokosi limene nthambo zonse za m'nyumba zimakumanapo. Limaloweza kuti pa bowo ili pali kompyuta yakuti, pa ilo pali yakuti, ndipo uthenga ukabwera limaupereka kwa mwini wake yekha, osavutitsa ena. Atelala anayang'ana pa pepala la mayankho. Zinali zomwezo, kungoti za akazi awo zinali zomveka.

Kuyambira tsiku limenelo pakhondepo panasanduka kalasi. Mafunso ogawa maadiresi a makompyuta, amene aphunzitsi anati amaliza anthu, Anakudenga ankawayankha osagwira pensulo. Maadiresi 256 muwagawe panayi. Gawo lililonse 64, ankatero, koma awiri sapatsidwa kompyuta, woyamba ndi dzina la gawolo, womaliza ndi woitanira onse, ndiye otsala 62. Atelala ankawerengera ndi choko pa thabwa lodulirapo nsalu, n'kufika pa yankho lomwelo tiyi atazizira.

Koma tsiku limene Atelala saliiwala ndi la funso la makumi awiri ndi chitatu. Ankasoka mpendero wa yunifolomu, pepala lili pambali, n'kuwerenga mosaikirapo mtima: fotokozani chimene chimachitika munthu akatumiza chithunzi kwa mnzake amene ali kutali.

“Sichipita chathunthu,” anatero Anakudenga, maso ali pa timawaya. “Chimadulidwa tizidutswa, mwina chikwi, mwina kuposa. Kachidutswa kalikonse kamalembedwa kumene kakuchokera, kumene kakupita, ndi nambala yake pa mzere. Tikatuluka m'nyumba timafika pa rauta, kabokosi kowerenga adiresi n'kuloza njira. Rautayo sidziwa ulendo wonse, imangodziwa inzake yotsatira, inzakeyo n'kudziwa yotsatira, choncho. Tizidutswa tina timadzera uku, tina uko, tina pansi pa nyanja zamchere m'nthambo zagalasi zoonda ngati tsitsi. Tikafika, makina a ukowo amatisanja potsata manambala. Kakasowa kamodzi amafunsa kuti ka nambala yakuti sikanafike, tumizaninso.”

Phazi la Atelala linali litaima pa chopondera.

“Ndiye zimatenga masiku angati?”

“Musanamalize kuphethira.”

Atelala anavula magalasi. Iwo ndi munthu wodula ndi kusoka, amadziwa chimene chimatanthauza kudula diresi tizidutswa chikwi n'kulibwezeretsa popanda msoko wooneka. Anatulutsa foni yawo, n'kuyang'ana chithunzi cha mdzukulu chimene mwana wawo wamkazi anatumiza dzulo lake kuchokera kutali, kamwana kali ndi mano awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akufuna pamene panalumikizidwa, osapapeza. Kenaka anayang'ana akazi awo, mayi wa mpango wakale ndi bondo lomanga bandeji, amene wagona pambali pawo zaka zoposa makumi awiri ndi zinthu zoterezi m'mutu, iwo n'kumauza anthu kuti akukoka zingwe. Manyazi anawagwira, koma chachikulu chinali kuzizwa. Tsiku limenelo yunifolomu ija sinathe.

Mlungu womaliza aphunzitsi anabwera kudzaphunzitsa makhalidwe a pa intavyu. Kulowa, kupereka moni, kusakhala pansi asanakuuze. Ndipo panali lamulo limodzi limene analibwereza katatu, chala chili m'mwamba.

“Alamu, mvetsani. Pa intavyu munthu salakwa. Akakufunsani kuti munalakwitsapo chiyani pa ntchito, musayerekeze kuwauza zoona. Muziti, chofooka changa n'chakuti ndimalimbikira kwambiri mpaka kuiwala kudya.”

“Koma ine kudya sindiiwala, alamu.”

“Tsiku limenelo mudzaiwale.”

Atelala anaseka mpaka kutsamwa, koma anagwirizana ndi mng'ono wawo, ndipo masiku otsalawo ankawafunsa funso limeneli mobwerezabwereza mpaka Anakudenga analoweza bodzalo ngati nyimbo.

Intavyu inali Lachinayi, tsiku lotentha kwambiri. Atelala anatseka makina n'kuperekeza akazi awo, chikwama cha m'manja atanyamula iwo. Pa benchi ya m'khonde la pansi la kolejiyo panali anthu asanu ndi atatu, onse a msinkhu wa ana awo, masuti osita, mafayilo onenepa ndi masatifiketi. Mmodzi anasunthira Anakudenga malo mwaulemu, n'kufunsa ngati aperekeza mwana. Iwo anangomwetulira. M'thumba la jekete munali kachidutswa ka nthambo, ndipo dzanja lawo silinachokemo.

Ankalowa mmodzimmodzi, aliyense theka la ola, n'kutuluka akupukuta nkhope. Anakudenga anali omaliza. Anawaitana nthawi itadutsa 2 koloko, chitseko n'kutsekeka, Atelala n'kutsala okha pa benchi, chikwama chili pamiyendo. Anawerenga matailosi a pansi. Anapenda msoko wa makatani n'kupeza kuti wosokayo anali waulesi. Anapemphera pang'ono. Theka la ola linakwana, chitseko osatseguka.

Chitatseguka, sanatuluke munthu mmodzi yekha. Anatuluka Anakudenga, pambuyo pawo bambo wa imvi amene anali mkulu wa za makompyuta pakolejipo, kenaka wachiwiri wake, bambo wa tayi wofiira, kenaka mayi wa ku ofesi yolemba antchito atanyamula kope. Palibe amene ankaseka. Anakudenga sanawayang'ane amuna awo kumaso. Anangoti, “Tiyeni, bambo, mundigwirize pa masitepe.”

Nyumbayo ndi ya nsanjika zinayi. Anakwera pang'onopang'ono, sitepe imodzi imodzi, mabwana atatu akudikira kumbuyo kwa mayi wotsimphina. Pamwamba penipeni, pansi pa malata, kutentha kunali ngati m'uvuni. Anayenda khonde lalitali mpaka pafupi ndi chitseko cha laibulale. Mkulu wa imvi anatuma wa tayi kukatenga makwerero, n'kutembenukira kwa Anakudenga.

“Mayi, bwerezani zimene mwanena pansi paja. Ndikufuna ndizimve nditaima pano.”

Apa m'pamene Atelala anamva nkhani yonse. Funso lomaliza la intavyu silinali la m'mapepala. Linali vuto lenileni la kolejiyo, limene mkuluyo anafunsa aliyense. Chipinda chowerengeramo cha laibulale, cha makompyuta makumi awiri, chimataya netiweki masana aliwonse kukatentha, kuyambira cha m'ma 1 koloko, n'kubwerera yokha dzuwa likapendeka. Zakhala choncho zaka ndi zaka. Anasintha switchi kawiri, anasintha makompyuta, anaitana akatswiri a malaputopu amene ankabwera m'mawa kukuzizira n'kupeza zonse zili bwino. Achinyamata aja anayankha za m'mabuku, ndipo anayankha bwino: mwina ophunzira amachuluka masana, mwina vairasi, mwina maadiresi akuwombana.

“Si zimenezo, bwana,” anatero Anakudenga. Dzanja linali m'thumba, koma mawu anali osagwedera. “Ndi nthambo imene imachokera ku chipinda cha makina kubwera ku switchi ya laibulale. Ndinaikoka ndine, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Linali Lachisanu, tsiku lopereka nyumba, ndipo bokosi lomaliza la nthambo linatha kutatsala mamita asanu ndi limodzi. Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti nthambo ikaperewera umaichotsa yonse n'kukoka ina, sulumikiza. Kapitawo anali pansi akukuwa kuti galimoto ikupita. Ndinatenga kachidutswa kotsala, n'kulumikiza ndi kacholumikizira kotchipa, n'kukulunga tepi. Titayeza inadutsa. Ndinati ndidzabwera kudzaisintha, koma mlungu wotsatira anatitumiza kutauni ina, ndipo chaka chisanathe kampaniyo inagwa. Malata akatentha, kacholumikizirako kamafutukuka, timano take n'kusiyana. Kukazizira timagwirananso. Kapitawo sanandiuze kuti ndilumikize. Ndinachita ndekha.”

Milungu isanu ya mafunso, choko, bodza lija analiloweza bwinobwino, zonse Anakudenga anazitaya pa khonde limenelo ndi pakamwa pawo pomwe. Mayi wa kope ankalemba mofulumira, ndipo chilichonse chimene ankalembacho Atelala ankachimva ngati singano.

Makwerero anafika. Anakudenga anayang'ana siling'i, mabolodi oyera ofanana onse, mazanamazana, opanda chizindikiro chilichonse.

“Kuchokera pa chitseko cha laibulale muwerenge mabolodi asanu ndi awiri kubwera kuno. La kukhoma. Mukakankha musamale, kumanja kuli paipi ya madzi. Nthamboyo ili kuseri kwa paipiyo, yachitatu kuchokera pansi.”

Wa tayi wofiira anayang'ana abwana ake, n'kuyang'ana malaya ake oyera, n'kuponyera tayi kumbuyo kwa phewa. Anakwera. Bolodi litakankhidwa, mpweya wotentha unatsika pamodzi ndi fumbi la zaka zonsezo. Mutu unalowa, mapewa analowa, tochi ya foni inayaka. Ophunzira angapo anali atatuluka m'laibulale kudzaona bwana wawo atatsala miyendo yokha.

“Paipi ilipo,” mawu anamveka kuchokera m'mwamba. Kenaka patapita nthawi: “Pali chotupa cha tepi yakuda. Pali kapepala komata, kolembedwa pamanja.”

“Werengani,” anatero mkulu wa imvi.

“Pali deti. Ndiye pansi pake alemba kuti, Ndibwera Lolemba.”

Palibe anaseka. Anakudenga anaweramitsa mutu.

“Finyani pamenepo ndi zala ziwiri, mugwire choncho,” anatero chapansipansi.

Anadikira. Kenaka woyang'anira laibulale anasuzumira pa chitseko, nkhope ili yodabwa, n'kunena kuti makompyuta abwerera, ndipo si nthawi yake. Mkulu wa imvi anauza wa m'denga uja kuti asiye. Pasanathe mphindi woyang'anira laibulale anasuzumiranso kuti apitanso. Anachita zimenezi katatu, kufinya ndi kusiya, ndipo katatu konse chipinda cha makompyuta makumi awiri chinadzuka ndi kugona pa zala ziwiri za munthu. Atelala anayang'ana mabolodi oyera aja kuyambira kumene anaima mpaka kumapeto kwa khonde, ndipo kwa nthawi yoyamba anazindikira kuti pamwamba pa mitu ya anthu pali nyumba ina yathunthu, ya misewu yake ndi mphambano zake, imene palibe aliyense pamenepo ankaiona kupatula akazi awo.

Mkulu wa imvi sanakondwe msanga. Anapukuta fumbi pa phewa, nkhope ili gwa.

“Mayi, mukudziwa kuti chipinda chimenechi ndatukwanidwira kangati? M'misonkhano, m'makalata, ophunzira mpaka kundipekera nyimbo. Tsitsi ili layerera pano.”

“Pepani, bwana. Mlandu ndi wanga.”

“Zolumikiza zoterezi zilipo zingati m'nyumba muno?”

“Imodzi yomweyi. M'nyumba muno tinakokamo nthambo 412. Zina zonse ndi zathunthu, ndinaziyeza ndine. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito ndinalumikizapo kamodzi, ndi apa.”

Mkuluyo anawayang'anitsitsa, ndipo ngati munthu wofuna kugwira wabodza analoza chitseko china cha patali n'kufunsa kuti nthambo za mmenemo zimadzera pati. Anakudenga anayankha osaganiza: zinayi, zimatsika pa ngodya ya kuchimbudzi cha amuna, n'kukalowa pa switchi ya nsanjika yachitatu, mabowo a kumapeto. Analoza china. Anayankha. Wa tayi, amene anali atatsika ali mbuu ngati wochokera kuchigayo, anatulutsa kabuku kake n'kuyamba kulemba, chifukwa mapu a nthambo za nyumbayo anatayika pamodzi ndi kampani ija, ndipo kwa zaka zonsezi ankangolota.

“Chinthu chimodzi sindikumvetsa,” anatero mkuluyo pomaliza. “Mafunso ena onse munayankha bwino kuposa ana aja. Mukanakhala chete pa ili, n'kudzakonza mwakachetechete mutalowa ntchito, tikanakuyesani mfiti ya makompyuta. Palibe akanadziwa. Mwaneneranji?”

Anakudenga anatulutsa dzanja m'thumba. Linali lopanda kanthu.

“Ndinaganiza zimenezo, bwana, milungu isanu yonse. Ndinalowa m'chipinda muja nditakonzeka kukhala chete. Koma mwati ana amalephera kuwerenga masana. Ine ndinkayesa kuti ena anaipeza kalekale n'kuisintha. Mutandiuza kuti ikadalipo, sindikanatha kukuyang'anani n'kumanena za vairasi.”

Mayi wa kope anasiya kulemba. Atelala anapeza kuti afinya chikwama cha akazi awo pachifuwa ndi manja onse awiri, ndipo sanathe kuchimasula.

Mkuluyo anayang'ana mayi wa kope, mayiyo n'kugwedeza mutu pang'ono, kenaka anayang'ana bowo la m'siling'i.

“Kalata ya ofesi imachedwa, ili ndi njira zake,” anatero. “Koma inu munalemba nokha kuti mubwera Lolemba. Bwerani Lolemba, 8 koloko.”

“Makwerero sindingakwerenso, bwana. Adokotala anandiletsa.”

“Makwerero akwera awa, ayamba kale kuzolowera. Inu mudzakhala pa mpando n'kumatiuza za nyumba yathu.”

Mabwana anatsika, ophunzira anabwerera m'laibulale, wina ananyamula makwerero. Pa khondepo panatsala anthu awiri. Atelala, munthu amene sasowa chonena ngakhale pamaliro, anafufuza nthabwala m'mutu monse osaipeza. Ankafuna kunena kuti iwo ndi mng'ono wawo anaphunzitsa bodza munthu amene sanali wa msinkhu wawo. Ankafuna kupepesa za zingwe zija. Anaima pambali pa akazi awo ali ndi mantha aja amakugwira ukaima pafupi ndi munthu wamkulu, ndipo chimene chinatuluka chinali chakuti, “Mayi, ine sindimakudziwani.”

Anakudenga anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kuyang'ana masitepe a nsanjika zinayi amene ankawadikira.

“Mudzandidziwa kunyumba, bambo. Bweretsani phewalo, bondoli latupa.”

Atelala anakoleka chikwama m'khosi, n'kupereka phewa, ndipo anayamba kutsika.